Kupirira kwa Wantchito: Ndi Chuma cha Ndani?



Pa mawu onse amene timayamikira nawo munthu pantchito, ndi ochepa amene amaposa akuti "ndi wopirira." Mwini chigayo amatero ponena za mnyamata amene amalandira matumba kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, nkhope ili mbuu ndi ufa, koma osadandaula. Mwini munda wa mpunga amatero ponena za mayi waganyu amene amawerama m'matope tsiku lonse akuwokera mbande. Masiku ano makampani aakulu nawonso ayamba kuyankhula chimodzimodzi. Amaitana aphungu, amachititsa maphunziro a mmene wantchito angalimbire mtima pa nthawi ya mavuto, ndipo amanena poyera kuti wantchito wopirira amabweretsa phindu.

Funso la phunziro lathu ndi ili: ngati kupirira kwa munthu kumabweretsa phindu kwa wina, kodi winayo ali ndi ngongole yanji kwa wopirirayo? M'gulu lathu lino muli olembedwa ntchito, muli olemba anzawo ntchito, ndipo ambiri a ife tili mbali zonse ziwiri: lero tili pa ganyu kwa wina, mawa ndife tikufuna wotipalirira chimanga. Choncho nkhaniyi si ya anthu a m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre okha. Tiwerenge mosinthana, ndime ndi ndime, ndipo tiziima pa mafunso.

1. Phindu lilipodi

Tiyambe ndi kuvomereza kuti eni bizinesi sakunama. Taganizani za chigayo cha pamsika wa kuno kwathu, kaya pa Golomoti kaya pa Mtakataka. Mnyamata amene wagwirapo zaka zitatu amadziwa kulira kwa chigayo chikakhala bwino, amadziwanso kulira kwake chikayamba kudwala. Amadziwa kumanga lamba, kusintha sefa, ndi kusiyanitsa matumba a anthu khumi popanda kusokoneza. Magetsi akazima masana onse, amadziwa kuyankhula ndi amayi amene adikira pamzere kuti mitima isapse. Tsiku limene watopa n'kuchoka, mwini chigayo sataya manja awiri okha. Amataya zaka zitatu za luso. Wolowa m'malo mwake amaphunzira powononga, ndipo zowonongekazo amalipira ndi mwini chigayo yemweyo.

Ntchito ikakhala ya luso lakuya, kutayako kumakulanso. Ku Mua, malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene adayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, adatchuka ndi zosemasema mpaka kunja kwa dziko lino. Aliyense amene adaimapo pafupi ndi wosema amadziwa kuti dzanja lotero silikula pa mwezi umodzi. Pamafunika zaka za kulakwitsa, kudzicheka ndi kuyambiranso. Luso limakhazikika pamalo pokhapokha ngati eni lusolo atha kukhalitsa pamalopo.

Eni mafakitale a kunja adaziona kalekale zimenezi. Mu 1913, pa fakitale ya magalimoto ya Henry Ford ku America, ntchito idali yotopetsa kotero kuti anthu ankangobwera n'kuchoka. Kuti pakhale antchito pafupifupi 14,000, kampaniyo idalemba anthu oposa 50,000 m'chaka chimodzi. Mu Januwale 1914 Ford adalengeza malipiro a madola asanu patsiku, kuposa kuwirikiza kawiri malipiro akale, n'kuchepetsanso maola a ntchito kuchoka pa 9 kufika pa 8. Anthu adasiya kuthawa, ntchito idayenda, ndipo phindu lidakula. M'nthawi yathu ino, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2022 kuti masiku ogwira ntchito pafupifupi 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda ovutika maganizo.

Choncho wolemba ntchito amene amasamala mphamvu ndi mtima wa antchito ake sakutaya ndalama. Koma tisanagwirizane kuti kupirira kulikonse n'kwabwino, tiyenera kudziwa kaye kuti tikunena kupirira kotani.

Mafunso okambirana:
a. Tchulani luso limodzi limene munthu amalipeza pokhapokha atakhalitsa pantchito imene inu mukuidziwa bwino.
b. Kodi n'chiyani chimatayika wantchito wabwino akachoka, chimene sichilembedwa m'buku la ndalama?

2. Kupirira kuli pawiri

Mawu amodzi omwewa timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Pali kupirira kwa nsungwi yaiwisi. Mwera ukawomba imawerama, mphepo ikadutsa imadzukanso, chifukwa mizu yake ili m'nthaka ya chinyontho. Ndi mmene alili namwino amene wagwira usiku wovuta, wodwala wamutsirizikira m'manja, koma apita kunyumba, agona, akhuthula za kukhosi kwa anzake, ndipo patapita masiku abwerera ndi mtima wofuna kuthandizanso. Munthu wotere mavuto amamusiya ndi nzeru zoonjezera.

Palinso kupirira kwa phaso lodyedwa ndi chiswe. Lili padenga, lasenza udzu, ndipo woyang'ana ali pansi amati nyumba ili bwino. Silidandaula, silipendekeka; limangothyoka tsiku limodzi mvula ili mkati. Ndi mmene alili mlonda amene amachezera panja usiku uliwonse popanda tsiku lopuma, masana n'kukalima kumunda kwake chifukwa malipiro sakwana, ndipo sanena kanthu podziwa kuti akangotsegula pakamwa pali anthu khumi odikira malo ake. Ameneyu sakupirira chifukwa choti ali ndi mphamvu. Akupirira chifukwa alibe kolowera.

Chovuta n'chakuti kwa bwana anthu awiriwa amaoneka chimodzimodzi. Onse amafika pa nthawi yake, onse sadandaula. M'buku la malipiro mulibe danga losonyeza kuti uyu akudzukanso, uyu akutha.

Tonse tikukumbukira Novembala wa 2023, pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya sopo, mafuta ophikira, feteleza ndi maulendo idakwera m'masiku ochepa, koma malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adakhalabe K50,000 pamwezi mpaka mu Febuluwale 2024, pamene adakwezedwa kufika pa K90,000. M'miyezi imeneyo anthu ankafikabe kuntchito. Woyang'ana ali patali akadati Amalawi ndi anthu opirira. Koma ife amene tidali pakati pawo tikudziwa mmene ambiri adapiririra: kudya kamodzi patsiku, kutenga katapila, kugulitsa mbuzi, kuuza mwana kuti za sukulu ayambe wadikira. Ntchito idayenda, koma mtengo wake udakalipiridwa kunyumba.

Thupi nalo siliiwala. Mu 2021 bungwe la WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO adalengeza kuti anthu pafupifupi 745,000 adamwalira mu 2016 ndi sitiroko komanso matenda a mtima obwera chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. N'kutheka kuti ambiri mwa iwo ankatchedwa opirira mpaka tsiku la maliro awo.

Mafunso okambirana:
a. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene zingatiuze kuti mnzathu wakhala phaso lodyedwa ndi chiswe, ngakhale iye sakunena?
b. Popanda kutchula mayina, fotokozani nthawi imene mudaona kupirira kwa mtundu woyamba.

3. Zimene mawu akuti thangata amatiphunzitsa

Mbiri ya dziko lathu ili ndi chenjezo pa nkhaniyi. Kale thangata lidali chinthu chokoma. Kuthangata ndi kuthandiza: anthu ankasonkhana kukalima m'munda wa mfumu kapena wa mnansi, podziwa kuti thandizo limabwezedwa. Atsamunda atatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, eni minda adatenga mawu omwewo n'kuwapatsa ntchito ina. Munthu wokhala pa malo a mzungu ankayenera kugwira ntchito mwezi kapena miyezi ingapo pachaka m'malo mwa lendi, kawirikawiri m'dzinja, pamene munda wake womwe unkamufuna. Dzina lidatsala lomwelo, koma kubwezerana kudachoka. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero zidali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu udatha mwalamulo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mpaka lero munthu akati "ntchito iyi ndi thangata," palibe amene amamva za kuthandizana.

Pambuyo pake padabwera utenanti wa m'minda ya fodya. Tenanti ndi banja lake ankapirira chaka chathunthu, akudya chimanga cha ngongole kwa mwini esiteti, podikira kuti fodya akagulitsidwa aone chotsala. Ambiri ankapeza chotsalacho chili chochepa kwambiri, ena osapeza kanthu. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021.

Phunziro lake ndi lakuti khalidwe labwino likhoza kubedwa. Wamphamvu akhoza kutenga chinthu chokoma chimene chili mwa anthu wamba, monga kuthandizana, ulemu kapena kudekha, n'kuchisandutsa goli. Mawu akuti kupirira akhoza kuyenda njira yomweyo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mawuwa akamayenda mbali imodzi yokha, kuchokera kwa wolipira kupita kwa wolipidwa. Malipiro achedwa, "pirirani." Anthu achepa pantchito ndipo mmodzi akugwira ya awiri, "pirirani." Koma bizinesi ikayenda bwino, palibe amene amauza mwini wake kuti apirire pang'ono pa phindu lake kuti ena nawonso apume. Zikafika pamenepo, dzina latsala koma kubwezerana kwachoka.

Mafunso okambirana:
a. Kodi ndi makhalidwe ena ati abwino amene mudaona akugwiritsidwa ntchito popondereza eni ake?
b. Kodi mawu akuti "pirirani" amakhala achilungamo pa nthawi yotani?

4. Kupirira kumachokera kuti?

Makampani ambiri amaganiza kuti kupirira ndi luso la mumtima mwa munthu payekha, loti angaphunzitsidwe pa msonkhano wa tsiku limodzi. Mu 2024 William Fleming wa ku yunivesite ya Oxford adafalitsa kafukufuku amene adaunika mayankho a antchito oposa 46,000 a ku Britain. Adayerekeza amene adachita nawo maphunziro a kulimba mtima, kukhazika maganizo pansi ndi kuthana ndi nkhawa, ndi anzawo amene sadachite nawo. Sadapeze kuti ochita nawowo ali bwino kuposa anzawo. Chimene chidaoneka kuti chikhoza kuthandiza ndi mwayi wogwira ntchito zodzipereka zothandiza anthu ena. Iye adalangiza kuti kusintha kwenikweni kuyenera kuchitika pa ntchito yeniyeniyo: kagawidwe ka maola, kuchuluka kwa antchito, ndi mmene mabwana amayendetsera anthu.

Chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo ali ndi mabatire aakulu osungira mphamvu. Mtambo ukaphimba dzuwa, kapena madzulo akafika, mabatirewo amathandiza. Koma amapereka chokhacho chimene adalandira. Palibe injiniya amene angaime patsogolo pa batire lotha n'kumalilangiza kuti lilimbe mtima.

Nanga munthu amadzazidwa ndi chiyani? Tulo tokwanira ndi chakudya. Malipiro ofika pa tsiku limene adalonjezedwa, kuti athe kulonjezanso kwa mwini nyumba ndi kusukulu. Kudziwa kuti akadwala sabata imodzi sadzapeza wina pamalo pake. Kudzudzulidwa pambali, osati pamaso pa makasitomala. Kufunsidwa maganizo pa ntchito imene iye amaidziwa kuposa bwana. Kuona kuti ntchito yake ikuthandiza anthu. Taonani kuti zingapo mwa izi sizifuna ngakhale tambala imodzi.

Malamulo a dziko lino adaika kale malire a zina mwa zimenezi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata popanda malipiro oonjezera, ndipo munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi motsatizana apume tsiku lathunthu. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kulandira tchuthi cha masiku 18 pachaka. Wakhala pantchito chaka chathunthu akadwala, ali ndi masabata anayi a malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro. Mayi wobereka ali ndi tchuthi cha masabata asanu ndi atatu. Izi si mphatso za bwana wachifundo. Ndi pansi penipeni pamene sitiyenera kutsikapo.

Palinso gwero lina limene sitiliwerengera. Wantchito amene amafika m'mawa ali ndi mphamvu sadadzipange yekha. Pali mkazi kapena mwamuna amene adachezera ndi mwana wodwala kuti iye agone. Pali agogo amene akusunga adzukulu. Pali banki m'khonde imene idamubwereka ya feteleza, pali anansi amene adamuthandiza kufolera nyumba, pali mudzi umene udasonkhana pa maliro a mayi ake. Mutu umodzi susenza denga. Kupirira kumene bwana amakolola pantchito kudalimidwa ndi manja ambiri amene sali pa mndandanda wake wa malipiro. N'chifukwa chake kulola wantchito kupita kumaliro, kukadwazika matenda, kapena kukakolola munda wake sikutaya tsiku. Ndi kubweza mbewu m'munda umene ukumudyetsa.

Mafunso okambirana:
a. Pa zinthu zodzaza munthu zimene tatchulazi, ndi ziti zimene wolemba ntchito aliyense angachite mawa lomwe popanda ndalama?
b. Ndani amene amathandiza kuti inuyo mufike pantchito muli ndi mphamvu? Kodi amadziwa kuti mumayamikira?

5. Ng'ombe ya pangolo

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Ngati kusamala wantchito kumabweretsa phindu, kodi phindulo si chifukwa chokwanira? Tivutikirenji kufunafuna chifukwa china?

Taganizani za mwini ngolo wanzeru. Ng'ombe zake amazidyetsa, amazimwetsa madzi masana, sazisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, ndipo zikadwala amaitana alangizi a ziweto. Amachita bwino, ndipo ng'ombe zake zimakhalitsa. Koma tsiku limene ng'ombe yakalamba n'kulephera kukoka, amaigulitsa kwa opha nyama, ndipo palibe amene amamudzudzula, pakuti chifukwa chonse choisamalira chidali ntchito yake. Chisamaliro chomangidwa pa phindu chimathera pamene phindu lathera.

Ndipo malo amene phindu limathera ndi ambiri. M'chigwa cha Bwanje, pa sikimu ya ulimi wothirira ya mahekitala 800 imene imatenga madzi mumtsinje wa Namikokwe, nthawi yowokera ndi kupalira mpunga wa dzinja imakumana ndi miyezi ya njala, pamene ofuna ganyu amachuluka. Mwini munda aliyense, pamenepo kapena pena paliponse, akhoza kuwerengera motere: waganyu uyu akafooka lero, mawa kubwera wina. Palibe luso la zaka zitatu limene litayike, palibe kasitomala amene achoke. Masamu a bizinesi pamenepa sanena kanthu. Sanenanso kanthu za mlonda wokalamba amene maso ake ayamba kuchita khungu, kapena za mtsikana wa m'sitolo amene ali ndi pakati, kapena za dalaivala amene wapezeka ndi matenda a shuga. Ngakhale Ford uja, malipiro ake a madola asanu adali ndi zomangira: kampani inkatumiza anthu kukayendera nyumba za antchito kuti aone mmene akukhalira, ndipo chuma cha America chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kampani yomweyo idachotsa antchito ambirimbiri.

Choncho phindu silingakhale maziko. Maziko ayenera kukhala akuti wantchito ndi munthu, wolengedwa ndi ulemu wofanana ndi wa bwana wake, wokhala ndi moyo wake umene suyamba pa geti la kuntchito ndipo suthera pomwepo. Iye si chida cha cholinga cha wina. Wolemba ntchito amene wayamba ndi mfundo imeneyi amapezabe phindu limene tidanena m'gawo loyamba, chifukwa anthu amasiyanitsa bwana wowasamala monga anthu ndi bwana wowasamala monga ng'ombe. Koma phindulo limabwera ngati chipatso, osati ngati muzu. Ndipo tsiku limene chipatso sichioneka, muzu umagwirabe.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. M'buku la Some Answered Questions, limene lidasindikizidwa koyamba mu 1908, 'Abdu'l-Bahá adayankha funso lokhudza kunyanyala ntchito. Adalangiza kuti antchito, kuwonjezera pa malipiro, azilandira gawo la phindu la fakitale, komanso kuti asamasiyidwe opanda chowathandiza akakalamba kapena akafooka. Adachenjezanso antchito kuti asamafune zoposa muyeso. Mbali zonse ziwiri adaziika pansi pa chilungamo chimodzi.

Mafunso okambirana:
a. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kusamala munthu chifukwa ndi wothandiza ndi kumusamala chifukwa ndi munthu, ngati zochita zake zikuoneka zofanana?
b. Mukalemba waganyu wa tsiku limodzi amene simudzamuonanso, kodi chilungamo chimafuna chiyani kwa inu?

6. Zodandaula ziwiri, ndi mbali ya wantchito

Wina mwa ife anganene kuti: "Zonsezi n'zabwino kwa makampani. Ine ndili ndi kagolosale kamodzi ndi mnyamata mmodzi. Inenso ndikupirira." Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sitiyenera kulinyoza. Eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagona ndi ngongole kuposa antchito awo. Chilungamo sichilamula munthu kupereka chimene alibe. Koma chimamulamula kunena zoona. Ngati mwezi uno malipiro achedwa, wantchito auzidwe msanga, auzidwe chifukwa chake ndi tsiku limene alandire, osati kumuzemba. Ndipo amene adagawana nafe miyezi yowonda ayenera kugawana nafenso miyezi yonenepa. M'madoko a nyanja yathu, kumene anyamata okoka chilimira amalandira molingana ndi usipa umene wagwidwa, mwini ukonde amadziwika chilungamo chake pa usiku umene bwato ladzaza, osati pa usiku umene abwerera chimanjamanja.

Wina anganenenso kuti: "Kodi mavuto si ndiwo amakulitsa munthu? Tikachotsa zovuta zonse, anthu sadzafooka?" Ndi zoona kuti mayeso amakulitsa. Koma mayeso sadzatha pa dziko lino. Chilala chidzabwera, mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza idzasefukira, matenda ndi imfa zidzatipeza. Amenewa ndi okwanira kuphunzitsa aliyense. Vuto limene munthu walipanga dala, kapena walilekerera chifukwa likumupindulira, ndi nkhani ina. Wosenzetsa mnzake katundu wosayenera sangadzitche mphunzitsi wa kupirira, ngakhale wosenzayo atatulukamo ali wolimba.

Wantchito nayenso ali ndi mbali yake. Kupirira kwa nsungwi kumafuna mizu, ndipo ina mwa mizuyo amaisamala mwini wake. Amene amathera malipiro ku mowa kapena ku juga akudzidyetsa yekha chiswe. Amene amatapa ufa wa makasitomala, kapena kuba mafuta a njinga yamoto ya bwana n'kumati akudzilipira, amawononga kukhulupirirana kumene kukadamuteteza iye ndi anzake. Ntchito yogwiridwa mokhulupirika ndi mwaluso imapatsa mwini wake ulemu umene palibe angamulande.

Koma kukhulupirika sikutanthauza kukhala chete. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mabwana ena sadziwa n'komwe kuti katundu walemera, chifukwa palibe adawauza. Kupempha kukhala pansi, kufotokoza vuto modekha ndi mwaulemu, kubwera ndi maganizo a mmene lingathetsedwere, ndi kumvetseranso mavuto a mbali inayo, ndi gawo la kupirira kwenikweni. Zokambirana zikakanika, ofesi ya zantchito ya m'boma lathu ilipo chifukwa cha nkhani zoterezi, ndipo kupitako si kupanduka. Pomaliza, wantchito ndi mzati wa mnzake. Kumugwirira ntchito tsiku limene wadwazika mwana, kapena kungomufunsa kuti "mwadzuka bwanji" n'kudikira yankho lenileni, kumadzaza munthu kuposa maphunziro ambiri.

Mafunso okambirana:
a. Kodi wolemba ntchito wosauka angasonyeze bwanji chilungamo pa mwezi umene ndalama palibe?
b. N'chiyani chimatilepheretsa kuyankhula katundu akalemera? Tingathandizane bwanji kuyankhula mwaulemu koma mosabisa?

7. Kuchokera pa mawu kupita ku zochita

Tibwerere ku funso la pamutu. Kupirira kwa wantchito ndi chuma chake iye mwini, cha banja lake, ndi cha mudzi umene udamulera. Wolemba ntchito amachibwereka, ndipo ndi zoona kuti chimamupindulira. Koma chobwereka chimabwezedwa chili chamoyo. Muyeso wa malo abwino a ntchito si kuchuluka kwa zimene anthu ake angathe kusenza, koma mmene anthuwo alili akatuluka madzulo, ndi mmene adzakhalire patapita zaka khumi.

Tisanakumanenso sabata ya mawa, aliyense asankhe chimodzi mwa izi ndipo adzatifotokozere zimene waphunzira:

a. Ngati muli ndi wantchito, kaya wapakhomo, waganyu kapena wa pa bizinesi, khalani naye pansi ndi kumufunsa chinthu chimodzi chimene chingapepukitse ntchito yake. Mvetserani mpaka amalize musanayankhe.
b. Ngati ndinu wolembedwa ntchito, ganizirani mnzanu mmodzi amene akuoneka kuti katundu wamulemera, ndipo mumuchitire kanthu kooneka.
c. Pitani kwa munthu mmodzi wa kunyumba kapena wa m'mudzi amene amakuthandizani kuti muthe kugwira ntchito, mukamuthokoze, ndi kumufunsa chimene iyenso akusenza.